Nkhanza za m'banja pakati pa Alatino okhala kumidzi ya ku America

Kutali ndi aliyense

Anthu ochokera ku Mexico, Guatemala, Honduras ndi El Salvador sakhala m'mizinda ikuluikulu yokha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ambiri anakakhazikika m'matauni ang'onoang'ono momwe muli mafakitale ophera ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku, monga Garden City ku Kansas, Storm Lake ku Iowa ndi Siler City ku North Carolina. Ena amathyola zipatso m'minda ya ku California kapena kukama mkaka m'mafamu a ku Wisconsin.

Kumeneko basi siyenda. Galimoto ndi imodzi, makiyi ali m'thumba la bambo, ndipo m'zigawo zambiri za dzikolo munthu wopanda mapepala sapatsidwa laisensi. Nthawi zina nyumba imene banja likukhala ndi ya mwini famu. Mayi amene wamenyedwa amadziwa kuti mwamuna akamangidwa, ntchito yatha, nyumba yapita, ana agona panja. Kwathu kuno akanathamangira kwa ankhoswe. Iye amalume ake ndi amayi ake anatsala ku Oaxaca ku Mexico kapena ku Huehuetenango ku Guatemala, ndipo akudikira ndalama kumapeto kwa mwezi.

Mapepala asanduka chikwapu

Anthu amafulumira kunena kuti vuto ndi chikhalidwe cha Alatino, chija chokweza mwamuna ndi kuphunzitsa mkazi kupirira. Chilipo ndithu, koma amuna omenya akazi ali mu mtundu uliwonse. Chimene chimatseka pakamwa amayi amenewa ndi mantha othamangitsidwa m'dziko.

Mwamuna amene ali ndi mapepala amauza mkazi kuti, ukangoitana apolisi ndikunenera kwa a ICE, a zolowa ndi kutuluka, ubwerera kwanu, ana atsala ndi ine. Ena amabisa pasipoti, ena amayamba kumulembera mkaziyo mapepala kenaka n'kusiyira panjira dala. Mantha amenewa si ongopeka. Mu February 2017, a ICE anagwira munthu m'khoti ku El Paso, ku Texas, atapita kukapempha chikalata chomuteteza kwa bwenzi lake lankhanza. Nkhani yotere ikamveka, ndani angapondenso kukhoti? Komanso pansi pa ndondomeko ya 287(g), apolisi a m'madera ena amagwira ntchito limodzi ndi a zolowa ndi kutuluka, moti kwa mayi wakumudzi yunifolomu ndi imodzi basi.

Lamulo lilipo, koma khomo lake ndi lopapatiza

Lamulo la Violence Against Women Act la mu 1994 limalola munthu wozunzidwa ndi mwamuna kapena mkazi wake amene ndi nzika, kapena ali ndi green card (chiphaso chokhalitsa m'dzikolo), kuti apemphe yekha chilolezo chokhala m'dzikolo womuzunzayo osadziwa. Koma ngati onse awiri alibe mapepala, njira imeneyi siwakhudza.

Kwa oterowo pali U visa, imene inakhazikitsidwa mu 2000 kuti ithandize anthu ochitiridwa milandu amene athandiza apolisi pofufuza. Pano mpamene pagona nkhani. Ma visa amenewa amaperekedwa 10,000 okha pachaka, ndipo anthu amadikira zaka zambiri. Chinanso, pempho siliyenda popanda siginecha ya apolisi, woimira boma pa milandu kapena woweruza yotsimikizira kuti munthuyo anathandiza. Lamulo la dziko silikakamiza sheriff, mkulu wa apolisi a dera, kusaina. M'dera lina asaina, m'dera loyandikana nalo akana. California inakhazikitsa lamulo mu 2015 lokakamiza maofesi amenewa kuyankha m'nthawi yoikika, koma si zigawo zonse zinatero.

Chisipanishi si cha onse

Ena mwa ogwira ntchito m'minda ndi a mitundu yoyambirira ya kwawoko, olankhula Mixtec, Triqui, Mam kapena K'iche'. Wapolisi akafika pakhomo opanda womasulira, amene amamasulira ndi mwana wa zaka khumi, apo ayi mwamuna yemwe wamenyayo, popeza ndiye amadziwako Chingerezi.

Amene amafika pakhomo

Nambala yaulere ya National Domestic Violence Hotline imayankha m'Chisipanishi, ndipo bungwe la Esperanza United, limene linayamba mu 1982 ku Minnesota ndi dzina loti Casa de Esperanza, limaphunzitsa ena ntchito yothandiza ozunzidwa. Komabe kumidzi thandizo limayenda bwino kudzera mwa amayi anzawo. Ku California, a Líderes Campesinas, omwe nawonso ndi amayi a m'minda, amasonkhana m'nyumba za anzawo n'kuchita timasewero toonetsa nkhanza, kuti mayi aone moyo wake popanda kufunsidwa pagulu. Ma promotora, alangizi a zaumoyo ochokera m'dera momwemo, amalowa m'nyumba ndi nkhani ya katemera wa ana kapena matenda a shuga, mwamuna osakayikira kanthu, ndipo amasiya nambala ya foni mayi akawaperekeza kubwalo.