Zeze wa Amangbetu: Kodi Mutu Wosemedwa Utiuza Ciani?

Mau Oyamba

M'nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America muli coimbira ca nsambo cimene cichedwa "zeze wa Amangbetu". M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti dzina limeneli, ngakhale lazolowereka, libisa mbiri ya anthu amene anasema coimbiraco. Tagwiritsa nchito liu lakuti zeze posowa lina loyandikira. Coimbira cimene tinena pano cisiyana ndi bangwe wa kwathu kuno, pakuti nsambo zake sizigona pathabwa koma ziima pakati pa mimba ndi khosi lopindika ngati uta.

Anthu ndi Coimbira Cao

Amangbetu akhala kumpoto cakum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, m'cigawo ca Haut-Uele, ca ku Isiro ndi Niangara. Cinenero cao si ca Cibantu. Ciri m'gulu la zinenero za Central Sudanic. Ufumu wao unakhazikitsidwa ndi Nabiembali kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kumpoto kwao kuli Azande, amene acha zeze wotere kundi.

Mmisiri agoba mtengo kuti apange mimba, naikuta ndi cikopa ca nyama cimene aboolapo timabowo tiwiri totulutsira mau. Nsambo, zimene kawirikawiri zikhala zisanu, zicokera pamimbapo kukamangidwa ku zikhomo za pakhosi, ndipo woimba akunga nsambo popotokola zikhomozo. Kunsonga kwa khosi asemako mutu wa munthu, wautali cakumbuyo, wa tsitsi loyanzidwa ngati lichero. Mutuwu usonyeza mwambo wa lipombo, womanga mitu ya makanda ndi zingwe kuti italike, umene unali cizindikiro ca kukongola ndi ulemu. Mwambowu unazilala m'zaka za m'ma 1950, mu ulamuliro wa Belgium.

Umboni wa Mbiri

Georg Schweinfurth atafika kwa Mfumu Mbunza mu 1870, analongosola nyimbo za pabwalo lake: ng'oma, mabelu acitsulo ndi malipenga a minyanga ya njobvu. Azeze a mitu yosemedwa amene iye anawajambula anali a Azande. Koma pamene Herbert Lang ndi James Chapin anayenda m'dera lomwelo pa ulendo wa American Museum of Natural History, kuyambira 1909 kufikira 1915, anatenga azeze, mbiya, mipeni ndi zina zambiri zokhala ndi mutu wautali uja. Cinacitika nciani m'zaka makumi anai zimenezo?

Enid Schildkrout ndi Curtis Keim anayankha funsoli pa cionetsero ndi buku lao la African Reflections mu 1990. Iwo anaonetsa kuti kusema kotere kunakula m'nthawi ya atsamunda. Azungu anatengeka mtima ndi maonekedwe a akazi a kunyumba za mafumu, ndipo mafumu monga Okondo anayamba kuitanitsa zosema za mitu yaitali kuti azipatsa alendowo monga mphatso zolimbitsa ubwenzi. Amisiri ake sanali Amangbetu okha: ena anali Azande ndi a mitundu ina yoyandikana nao. Pa azeze ena cosema cinakula mpaka kupambana coimbira, kotero kuti anali okondweretsa maso koposa makutu.

Sitinena kuti azezewa ndi onyenga ai. Anasemedwa ndi amisiri a ku Uele mwa luso lao, ndipo mafumu anawagwiritsa nchito mocenjera kuti akweze dzina lao pamaso pa boma lacilendo. Cimene tikana ndi ganizo lakuti mutu wosemedwawo ndi umboni wa mtundu wa wosema, kapena wa mwambo wosasinthika kuyambira makedzana.

Mau Omaliza

Mutu wa pazeze utiuza za munthu wojambulidwa ndi zokonda za wolandira mphatso. Za wosema sutiuza zambiri. Ife ophunzira zinenero tidziwa kuti mau obwerekera adumpha malire a mitundu, ndipo tiona kuti zoimbira nazo zitero. Conco tikakumana ndi dzina la mtundu lolembedwa pansi pa cosema, tiyenera kufunsa kuti anacisema ndani, anasemera yani, ndipo cinali caka citi.