Ana athu a ku koleji ndi nkhani ya khansa ya khomo la chiberekero

Nyengo ya tchuthi ikafika, ana athu amene akuphunzira ku Ulónguè ndi mumzinda wa Tete amabwerera kumudzi, ena ku Tsangano kudzathandiza m'minda ya kachewere, ena ku Furancungo m'boma la Macanga kumene makolo ali kalikiliki ndi fodya. Pamudzi mawu awo amalemera, pakuti ndiwo amatimasulira makalata a Chipwitikizi ochokera kuchipatala ndi kusukulu. N'chifukwa chake tiyenera kudzifunsa kuti kodi iwowa akudziwa zotani za kachirombo ka HPV ndi katemera wake.

Tikamacheza nawo timaona kuti dzinali ambiri analimvapo, koma ena amalisokoneza ndi HIV. Anyamata ena amati imeneyi ndi nkhani ya amayi okha, pamene atsikana ena anamva mphekesera yakuti katemerayu amachititsa kuti munthu asadzabereke. Mphekesera yotere ikatuluka m'kamwa mwa mwana wophunzira, mudzi wonse umaikhulupirira.

Zoona zake ndi izi. HPV ndi kachirombo kofala kwambiri kamene kamapatsirana pogonana, ndipo amuna amakatenga ndi kukafalitsa monganso akazi. Mwa anthu ambiri thupi limakagonjetsa lokha popanda chizindikiro. Koma kakakhalitsa pa khomo la chiberekero, kamayambitsa khansa pang'onopang'ono, pa zaka 15 mpaka 20, kapenanso zaka 5 mpaka 10 ngati chitetezo cha m'thupi n'chofooka. Mitundu iwiri, ya nambala 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse a matendawa, ndipo dokotala wa ku Germany amene anatulukira zimenezi, Harald zur Hausen, analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Bungwe la zaumoyo la WHO linawerengera kuti mu 2022 amayi pafupifupi 350,000 anamwalira ndi khansayi pa dziko lonse, ndipo limati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo choposa cha anzake kasanu ndi kamodzi.

Katemerayu si wachilendo, pakuti anayamba kuperekedwa mu 2006, ndipo palibe umboni wakuti amalepheretsa kubereka. Kuno ku Mozambique anayesedwa mu 2014 m'maboma a Manhiça, Manica ndi Mocímboa da Praia. Mu 2021 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9, ndipo mu 2025 linachita kampeni yofikira a zaka 12 mpaka 18. Abale athu a kutsidya kwa malire, ku Ntcheu ndi ku Dedza, anayamba kulandira mu 2019 pamene Malawi anamufalitsa m'dziko lonse.

Makolo ena mumpingo amadandaula kuti: bwanji kubaya kamwana ka zaka 9 katemera wa matenda opatsirana pogonana? Kodi sikukhala kumuloleza chiwerewere? Funsoli n'loyenera kuliyankha mwaulemu. Katemera amateteza, sachiza kachirombo kamene kalowa kale, motero amagwira bwino ntchito akaperekedwa mwana asanayambe za m'banja. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Komanso tonse tikudziwa kuti mtsikana akhoza kudzisunga mpaka tsiku la ukwati wake, nakatenga kachiromboka kwa mwamuna wake yemwe. Mwambo umene timaphunzitsa ana athu sukutha chifukwa cha jakisoni, ndipo amayi amene tawaika m'manda chifukwa cha nthendayi sitiyenera kuwaweruza.

Kwa inu ana athu a ku koleji tili ndi mawu. Ambiri mwa inu munakula katemerayu asanafike kwathu kuno, koma muli ndi ang'ono anu ndi alongo anu amene nthawi yawo ndi ino. Mukafika kumudzi, funsani ngati anabayidwa, ndipo ngati anaphonya, aperekezeni kuchipatala chapafupi. Mukumbutsenso amayi anu ndi azakhali za kuyezetsa khomo la chiberekero. WHO imalangiza kuyamba kuyezetsa pa zaka 30, kapena pa zaka 25 kwa amene ali ndi HIV, ndipo zilonda zoyamba zikapezeka msanga zimachizika. Mayi akamataya magazi pakati pa nthawi, atagona ndi mwamuna wake, kapena atasiya kale kusamba, asadikire. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mu 2020 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 aliwonse akhale atalandira katemerayu asanapitirire zaka 15. Chiwerengero chimenechi chidzakwanira pokhapokha makolo a ku Tsangano ndi ku Macanga atamva zoona kwa anthu amene amawakhulupirira. Choncho tikupempha akulu a mpingo, amayi a chigwirizano ndi atsogoleri a achinyamata kuti tchuthi chikubwerachi aitane namwino wa m'dera lawo adzayankhe mafunso, ophunzira athu ndi makolo awo atakhala pamodzi.