Mankhwala ena a nkhawa ali m'kalasi

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, mudzi wonse umaimba nthungululu. Koma akafika ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, amakumana ndi zomwe satchula akamaimba foni kumudzi: ngongole ya fizi, lendi ya kachipinda kogona atatu, kulowa m'kalasi m'mimba muli pululu, ndi mantha oti akalakwa mayeso amuchotsa sukulu.

Nkhawa ikakhalitsa, thupi limatulutsa kwambiri mchere wina wotchedwa cortisol. Tulo timasowa, mutu sugwira, zowerenga usiku zimauluka pofika m'mawa. Munthu akatha masabata awiri ali wokhumudwa, osafuna kudya, osasangalala ndi zomwe ankakonda, amenewo angakhale matenda, osati ulesi kapena kulodzedwa. Bungwe la WHO limati kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zikutenga kwambiri miyoyo ya achinyamata a zaka 15 mpaka 29.

Mlangizi mmodzi sangathe kuona ophunzira zikwizikwi, ndipo ambiri amachita manyazi kugogoda pakhomo pake. N'chifukwa chake m'kalasi ndi mofunika. Mtsikana wochokera ku sekondale yoyendera akafunsa funso Chingerezi chikumuvuta, anzake n'kuphulika kuseka, sadzakwezanso dzanja. Koma mphunzitsi akati, "Funso labwino limenelo, tiyeni tilione," mwana uja amadziwa kuti malowo ndi akenso. Chimodzimodzi wophunzira wosaona akalandira manotsi a Braille nthawi yabwino, kapena wachialubino akapatsidwa mpando wakutsogolo ndi pepala la zilembo zikuluzikulu asanachite kupempha.

Aphunzitsi akhozanso kugwirizana kuti asaunjike mayeso onse sabata imodzi, kufotokozera wolephera pomwe walakwitsa osamuyalutsa pagulu, ndi kusakaniza magulu okambirana kuti a m'tauni ndi a kumudzi azithandizana.

Ku Harare, Dr Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo ambiri adapeza bwino. Ophunzira nawo angaphunzitsidwe luso limeneli kuti azithandiza anzawo m'mahositelo.

Komabe mnzanu akayamba kunena zoti moyo wamukwana, musamusiye yekha. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, kenako mumuperekeze ku chipatala tsiku lomwelo. Kufunsa sikumuika maganizo oipa m'mutu. Akatswiri alipo ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, ndipo zipatala za m'maboma nazo zimathandiza.