Dokotala wa Opaleshoni

Alipo matenda ena amene sachizika ndi mankhwala akumwa kapena jakisoni. Mwana amene matumbo ake apotana, kapena munthu amene wavulala m'mimba pangozi ya galimoto, amafunika dokotala wa opaleshoni. Dokotalayu amang'amba thupi la wodwala atamgoneka ndi mankhwala, nakonza chimene chaonongeka, kenaka n'kusoka.

Ntchito yotere siphunzirika msanga. Wofuna kuigwira ayenera kukhoza bwino mayeso a Fomu 4, makamaka Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics. Kale Amalaŵi ankaphunzira udokotala kumaiko akunja, kufikira mu 1991 pamene sukulu ya madokotala idatsegulidwa ku Blantyre. Mu 2021 sukuluyi idakhala mbali ya Kamuzu University of Health Sciences.

Kumeneko wophunzira amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenaka amatha zaka 5 akuphunzira za thupi la munthu ndi matenda ake. Ayenera kudziŵa pamene padutsa mtsempha uliwonse, pakuti mpeni ukangophonya pang'ono, moyo utha kutayika. Zaka zotsiriza amazithera m'zipatala monga cha Queen Elizabeth. Akakhoza mayeso amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, ndipo pambuyo pake amaphunziranso zaka 4 kapena 5 za opaleshoni yokhayokha. Inu a Sitandade 5, taŵerengani nokha zaka zonsezi!

Madokotala otereŵa ndi ochepa m'dziko muno, kotero kuti odwala ena amayenda mtunda wautali kukawapeza kuzipatala zazikulu za ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu.