Chipululu cha ku Kent: ulendo wa tsiku limodzi kuchokera ku Greenwich

Tchuthi chikafika, ana athu kuno ku Greenwich amangokhalira foni m'nyumba, ena mpaka kuganiza kuti England yense ndi misewu ndi mabasi ofiira. Chonsecho pagalimoto pasanathe maola awiri pali malo otchedwa Dungeness, amene anthu ambiri amati ndi chipululu chokhacho cha ku Britain.

Kunena zoona, si chipululu. Akatswiri amati chipululu ndi malo olandira mvula yosakwana mamilimita 250 pachaka, ndipo ku Dungeness imagwa yoposa pamenepo. Chimene chimapusitsa maso ndi nthaka. Dera lonselo ndi nsangalabwi zokhazokha zimene mafunde akhala akuunjika kwa zaka zikwi zambiri. Mvula ikagwa, madzi amalowerera pakati pa miyala, ndiye mitengo ikuluikulu imalephera kumera. Komabe pamalopa pamapezeka mitundu ya zomera yoposa 600, ndipo bungwe la RSPB limasamalira mbalame zambiri kumeneko. N'chifukwa chake timauza ana kuti aziyenda m'tinjira tovomerezeka, osaponda zomera.

Njira yake n'njosavuta. Timatenga A20, kulowa M20 mpaka ku Ashford, kenako A2070 kulowera ku Lydd. Tikafika, ana amaona nsanja yakale younikira sitima zapanyanja ya mu 1904, ina yatsopano ya mu 1961, ndi malo opangira magetsi a nyukiliya amene anasiya kugwira ntchito. Chimawasangalatsa kwambiri ndi kasitima kakang'ono ka Romney, Hythe and Dymchurch Railway, kamene kanayamba kuyenda mu 1927.

Masana timadutsa ku Hythe ndi Folkestone n'kukafika ku White Cliffs of Dover. Maphompho oyerawa ndi choko chenicheni, chopangidwa ndi zigoba za tizamoyo tating'onoting'ono ta m'nyanja zaka mamiliyoni apitawo. Mwina amatalika mamita 110, ndipo kukakhala kopanda nkhungu timaona France, pamtunda wa makilomita pafupifupi 34. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake savutikanso nalo phunziro la kukokoloka kwa nthaka m'kalasi.

Pamenepa m'pofunika maso. Choko chimagumuka mosachenjeza, choncho chithunzi cha pa WhatsApp chisatifikitse kumphepete, ndipo wamng'ono timugwire dzanja. Tikumbukirenso lamulo la kuno lakuti mwana akhale pampando wake wapadera m'galimoto mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135. Mphepo ya kunyanja imazizira ngakhale m'chilimwe, ndiye majekete asatsale. Mpunga ndi nkhuku tiphikiretu kunyumba, ndalama ipite ku mafuta.

Pobwerera timadzera A2, ana ali mtulo kumbuyo. Mawa lake amayamba kufunsa ngati phiri la Mulanje ndi lalitali kuposa maphompho aja. Timawauza kuti Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo adzakaliona okha tikadzapita kumudzi.