Mbewu za maluwa pa shelefu yathu

M'sitolo zathu zambiri, mapaketi a mbewu za maluwa amapachikidwa pafupi ndi khomo, pomwe zithunzi zake zimakopa wodutsa. Malo amenewo ndi omwenso dzuwa la Okutobala limafika msanga. Katswiri wa mbewu J. F. Harrington anaonetsa kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 5, moyo wa njere yosungidwa umafupika ndi theka, ndipo chinyezi chikawonjezeka ndi 1 peresenti, zimateronso. Pansi pa denga la malata, paketi imatha kuoneka yatsopano pamene njere zam'kati zinafa kale. Mayi wogula zinnia akafesa osaona kanthu sabweranso, ngakhale akadzafuna mbewu ya tomato.

Kuyesa n'kosavuta. Tikulunge njere 20 m'nsalu yonyowa, tiiike pamthunzi pofunda. Zinnia ndi marigold zimamera pasanathe sabata. Zikamera zosakwana theka, katunduyo achoke pa shelefu, ngakhale tsiku lolembedwa pa paketi lisanakwane.

Nthawi yofesa ndiyo imene makasitomala amalakwitsa kwambiri, ndipo wowauza ndi ife. Zinnia, cosmos ndi marigold zinachokera ku Mexico, zimakonda kutentha, choncho zimafesedwa kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba. Cosmos ndi yolimba mtima moti inafalikira yokha m'mbali mwa misewu ya Free State ndi Mpumalanga, kumene imachita maluwa cha mu Malichi ndi Epulo. Pansy, sweet pea ndi calendula zimafuna chisanu. Zifesedwe mvula ikamatha. Kugulitsa pansy mu Novembala kwa munthu wa m'chigwa cha Shire kapena cha Zambezi n'kumudyera ndalama.

Petunia payokha ndi nkhani. Njere zake ndi ngati fumbi, pafupifupi 10,000 pa gramu imodzi, ndipo zimafuna kuwala kuti zimere. Wozolowera kubzala chimanga amazikwirira, zonse n'kutheratu. Zimangowazidwa pamwamba pa dothi losefa la m'nazale, n'kuzikanikiza pang'ono, madzi n'kumathira mofatsa kuti zisakokoloke. Madzi akachuluka, mbande zimavunda patsinde n'kugwa.

Kwa alimi a mbewu, marigold ali ndi msika wina kunja kwa dimba la maluwa. Mizu ya Tagetes patula imatulutsa mankhwala ochepetsa manematodi otupitsa mizu ya tomato, koma amagwira ntchito akabzalidwa mothithikana kwa miyezi iwiri kapena itatu tomato asanalowe. Mzere umodzi m'mphepete mwa munda sukwanira. Tisalonjeze zoposa pamenepo.

Pa paketi yolembedwa F1, tiuzenso wogula kuti njere zokolola pa maluwa amenewo sizidzabereka mtundu womwewo chaka chamawa. Wofuna kusunga mbewu yake timupatse mitundu wamba, aziumitse bwino pamthunzi, azitsekere m'botolo louma.