Zombo za M'mlengalenga Zafika pa Mitundu: Kodi Mphunzitsi Adzayankha Ciani?

Munthu woyenda madzulo pa msika wa Mitundu, kapena pa Nathenje m'mbali mwa mseu wopita ku Dedza, amamva phokoso la kanema kucokera m'tinyumba toonetsera mafilimu, momwe anyamata amalipira kandalama pakhomo nakhala pa mabenci. Ena salowanso m'tinyumbamo, pakuti filimu yomweyo ali nayo m'lamya ya m'manja, ndipo kawirikawiri wina anaimasulira kale m'Cicewa. Pakati pa mafilimu a nkhondo ndi a karate pali ena a mtundu wao: nthano za sayansi, zosimba za masiku a m'tsogolo, za zombo zouluka pakati pa nyenyezi, ndi za makina oganiza ngati munthu.

M'nthano zimenezi tsopano mwayamba kuoneka anthu amene kale sanali kuonekamo: mwamuna amene mnzace wa pabanja ndi mwamuna, kapena mkazi wokondana ndi mkazi mnzace. Nkhaniyi ndi yobvuta kuikamba m'dziko lathu, ndipo ambiri akaimva amayang'ana kumbali. Koma wophunzira wa ku Likuni kapena wa ku Bunda akaona zotere adzafunsa ndithu, ndipo amene adzafunsidwe ndinu aphunzitsi ndi inu anchito a Boma. Cifukwa cace nkoyenera kuti tidziwe kumene zinthuzi zinacokera.

Caka ca 1968

Tiyambe ndi caka ca 1968, pakuti m'caka cimeneco munacitika zinthu zitatu zokhudza nkhani yathu. Coyamba, ku America anasiya malamulo ochedwa Hays Code, amene kuyambira 1934 anali kulamulira zoyenera kuoneka m'mafilimu a ku Hollywood. Malamulowo sanali kulola kuti cikondi ca amuna okhaokha kapena akazi okhaokha cichulidwe nkomwe, kotero kuti olemba anali kungocikamba mokuluwika.

Caciwiri, m'mwezi wa November caka comweco, sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Star Trek linaonetsa kapitao wa combo, amene anali Mzungu, akupsompsonana ndi mkazi wakuda dzina lace Uhura, dzina locokera ku liu la Ciswahili lotanthauza ufulu. Sewerolo analiyambitsa Gene Roddenberry mu 1966, ndipo mwadala anaika m'combo cimodzi munthu wakuda, wa ku Asia ndi wa ku Russia, pa nthawi imene tsankho la khungu linali lolimba ku America. Nichelle Nichols, mai amene anali kusewera ngati Uhura, anasimba yekha kuti pamene anafuna kusiya nchitoyo, Martin Luther King anamdandaulira kuti asacoke, popeza ana a anthu akuda anali kudziona okha mwa iye.

Cacitatu cinacitika kwathu kuno. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyang'anira mafilimu, mabuku ndi masewero, ndipo bungwe la Censorship Board linapatsidwa mphamvu yoletsa filimu kapena kudula zigawo zace. Akuluakulu amene anali kuonera baisikopo masiku amenewo akumbukira kuti ngakhale kupsompsonana kwa mwamuna ndi mkazi kunali kudulidwa. Nchito ya bungweli inali yopepukirapo, pakuti nyumba za kanema zinali zowerengeka, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mocedwa, mu 1999.

Zaka 51 za kuzengereza

Tsono munthu angaganize kuti Azungu atangomasula malamulo ao, anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha analowa m'zombozo tsiku lomwelo. Sizinatero ai. Star Trek itayambanso mu 1987, mlembi wina, David Gerrold, analemba gawo lokhala ndi amuna awiri okondana, limenenso linali fanizo la matenda a Edzi. Eni sewero anacita mantha, ndipo gawolo silinajambulidwe. Mu 1995, m'nthambi ya sewerolo yochedwa Deep Space Nine, akazi awiri anapsompsonana, koma nthano inawapezera pobisala: inati awiriwo anali mwamuna ndi mkazi wace kale, pamene anali m'matupi ena.

Mu 2016 filimu ya Star Trek Beyond inaonetsa Sulu, woyendetsa combo, ali ndi mwamuna mnzace ndi kamwana, kwa kanthawi kocepa kwambiri. Codabwitsa ncakuti George Takei, amene anasewera Sulu poyamba, ndipo iye mwini anaulula mu 2005 kuti amakondana ndi mwamuna mnzace, sanakondwe nazo. Anati kunali bwino kulenga munthu watsopano kusiyana ndi kusintha amene Roddenberry anamlemba kale. Munthu watsopanoyo anafika mu 2017, m'sewero la Star Trek: Discovery, momwe katswiri wa sayansi Paul Stamets ndi dokotala Hugh Culber akukhala ngati banja, ndipo owonera anadziwa za cikondi cao powaona akutsuka mano pamodzi asanagone. Kucokera 1966 kufikira 2017 ndi zaka 51.

Cinacedwetsa nciani? Kwakukulu ndi ndalama. Sewero la pa wailesi ya kanema limadya ndalama za amalonda olengeza katundu wao, ndipo amalonda amaopa kukwiyitsa ogula. Filimu yaikulu nayo imayenera kugulitsidwa m'maiko ambiri kuti ibweze zimene inaononga. Ndico cifukwa cace opanga mafilimu anazolowera kuika cithunzi cotere cacifupi, coti cikadulidwa nthano isaonongeke. Kupsompsonana kwa akazi awiri m'filimu ya Star Wars ya 2019 kunadulidwa ku Singapore, ndipo filimu ya ana ya Lightyear, ya 2022, inaletsedwa m'maiko angapo a Aluya pamene eni ace anakana kudula. Wowerenga aone pamenepa kuti ku Hollywood mtima wacifundo ndi mtima wa phindu zimayendera limodzi, ndipo si nthawi zonse pamene cifundo cimatsogola.

Si za Azungu okha

Tingalakwe tikanena kuti nkhaniyi iri kutsidya la nyanja kokha. Mai wa ku Kenya, Wanuri Kahiu, anachuka mu 2009 ndi filimu yaifupi ya sayansi yochedwa Pumzi, yosimba za Africa wa m'tsogolo pamene madzi atha cifukwa ca nkhondo. Mu 2018 mai yemweyo anapanga Rafiki, nthano ya atsikana awiri okondana mu Nairobi. Bungwe loona za mafilimu ku Kenya linailetsa, ngakhale inali filimu yoyamba ya dzikolo kuonetsedwa pa cionetsero cachuka ca ku Cannes. Pambuyo pace bwalo la milandu linalola kuti ionetsedwe masiku 7 okha, ndipo nyumba za kanema zinadzaza. Mu 2021 kunaturuka Neptune Frost, filimu ya sayansi yojambulidwa ku Rwanda, imene mwini nthano wace ndi munthu wobadwa ndi thupi losadziwika bwino ngati ndi la mwamuna kapena la mkazi. Ndipo ku Britain, sewero lakale la Doctor Who, limene linayamba mu 1963, linatsogoleredwa kuyambira 2023 kufikira 2025 ndi Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda, amene m'gawo lina anapsompsonana ndi mwamuna.

Lamulo lathu likuti bwanji?

Wanchito wa Boma ayenera kudziwa lamulo monga liri. Malamulo a milandu amene tinalandira kwa Angerezi mu 1930 amati kugonana kwa amuna okhaokha ndi mlandu, ndipo cilango cace cingafike zaka 14. Mu 2011 anaonjezapo gawo lokhudza akazi, la zaka 5. Mu 2010 anthu awiri a ku Blantyre anagamulidwa zaka 14, koma Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira patangopita masiku ocepa. Mu 2023 atsogoleri a mipingo ndi a Cisilamu anatsogolera maulendo a pamseu okana maukwati otere, ndipo pa 28 June 2024 bwalo lomasulira malamulo akulu a dziko linakana kufafaniza malamulowo, niliti mphamvu yowasintha iri m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Anansi athu sayenda njira imodzi: Zambia ili ndi lamulo longa lathu, Mozambique inacotsa mlanduwu mu 2015, ndipo South Africa inabvomereza maukwati otere mu 2006.

Komanso wanchito yemweyo akumbukire kuti malamulo akulu a dziko lino, m'gawo 19, amati ulemu wa munthu ali yense sungaphwanyidwe. Kuweruza mlandu ndi nchito ya bwalo, si ya gulu la anthu pa msika, kapena ya ana m'kalasi.

Lumo labuntha

Mu 1968 filimu inali kulowa m'dziko pa khomo limodzi, ndipo munthu mmodzi wa lumo anali wokwanira. Lero imalowa pa makomo osawerengeka: pa mbale ya DStv, pa intaneti, ndi pa kakhadi kakang'ono ngati cikhadabo kamene mnyamata amapatsira mnzace popita ku dimba. Palibe bungwe lingathe kukhala pa khomo liri lonse la pa Nathenje. Udindo umene unali wa bungwe wagwera tsopano makolo ndi aphunzitsi, afune asafune.

Mphunzitsi akafunsidwa, pali njira ziwiri zosathandiza. Ina ndiyo kukalipa ndi kutseka nkhani. Mwanayo adzakafunsa lamya yace, imene siidzamkalipira. Ina ndiyo kunama, kunena kuti anthu otere kulibe kwathu kuno, pamene milandu ya 2010 ndi 2024 inaweruzidwa m'mabwalo athu omwe. Mwana akagwira mphunzitsi wace bodza kamodzi, sadzamkhulupiriranso ngakhale pa zoona.

Njira yabwino ndiyo kumuuza zinthu monga ziri: kuti filimu ndi nthano yolembedwa ndi anthu a dziko lina, okhala ndi mikangano yao ndi malonda ao, kuti iwonso anakangana zaka 51 asanagwirizane za amene ayenera kukwera combo, kuti lamulo lathu likunena zakuti, mipingo ikuphunzitsa zakuti, ndipo alipo Amalawi ena amene akupempha kuti lamulolo lisinthe. Koposa zonse, mphunzitsi asalole kuti filimu ya usiku isanduke mwala wogendera mwana wina m'mawa, cifukwa ca kayendedwe kace kapena mau ace. M'kalasi ya ana 80 mphunzitsi sadziwa za mumtima mwa ali yense, ndipo onse 80 anapatsidwa kwa iye kuti awasunge.

Akulu anati safunsa anadya phula. Ana athu akufunsa, ndipo akucita bwino. Cotsala ncakuti pamene afunsa apeze munthu wamkulu wodziwa mbiri ya cimene aona, woyankha mofatsa ndi moona.